Mmene Tinaperekezera Mayi wa Bungwe

Bungwe lija losinthanitsa ana a sukulu pakati pa maiko linayamba itangotha nkhondo yaikulu ya azungu. Eni ake ankati ana akamagona m'nyumba za anzawo a maiko ena, akadzakula sadzawomberana. Nzeru yabwino. Kungoti kuno ku Joni, nthawi yonse ya tsankho, ana akunjawo ankangowagoneka m'nyumba zokhala ndi maiwe osambiramo, n'kubwerera kwawo akuti aiona Afirika yonse. Tsankho litatha bungwe linachita manyazi, n'kuyamba kusaka mabanja akuda a dziko lino. Linapeza ife, Amalawi a ku Silverton. Palibe anafunsa pasipoti. Ndikulumbira.

Mkazi wanga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Queenswood kwa mayi ena achizungu, akuluakulu a bungwelo. Pangano linali lakuti tisunge mtsikana wa ku Jeremani kwa miyezi ingapo, ndipo mayiwo akakhutira asayina pepala loti mwana wathu wamkazi nayenso akaphunzire kunja. Mwanayo anali atagula kale chijekete kumsika wa Marabastad, cholemera kuposa mwini wake, ndipo ankachivala dzuwa lili phwee kuti achizolowere.

Mjeremani tinamuphunzitsa zakwathu: kulandira chinthu ndi manja awiri, kunena odi ngakhale chitseko chili pululu, ndi kuperekeza mlendo. Chomalizachi anachitenga ngati lamulo la boma. Tsiku lina anandiperekeza mpaka kumene ndinkawotcherera zitsulo, ine n'kumubweza, iye n'kundiperekezanso, moti ndinafika pantchito bwana akutseka geti. Mukhoza kukamufunsa bwanayo, kungoti anamwalira.

Mayi a bungwe anabwera kudzatiyendera Loweruka lina masana. Anamwa tiyi, anasuzumira kuchipinda cha atsikana, anafunsa Mjeremani ngati akukhuta, koma pepala analibwezera m'chikwama osasayina, akuti akaliganizire kaye. Mwana wanga anangoti eish chapansipansi, n'kundiyang'ana.

Tinatuluka tonse kukawaperekeza. Vuto linali lakuti galimoto yawo inali pageti penipeni, ndipo kwathu kuperekeza munthu n'kumusiya pageti n'chimodzimodzi kumuthamangitsa. Mjeremani ndiye anaona manyaziwo poyamba. Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kulowa. Mwana wanga anatsatira, kenako mkazi wanga atafumbata chikwama cha mayiwo, poti mlendo sitimusenzetsa katundu. Ine ndinakhala kutsogolo.

"Mukupita kuti nonsenu?" anafunsa mayiwo.

"Palibe, madamu, tingokutulutsani pang'ono," anatero mkazi wanga.

Pang'onopo panakathera ku Queenswood. Mayiwo, pokhala munthu wa ntchito yogwirizanitsa mitundu, sakanatisiya pamsewu, ndiye anatibweza ku Silverton. Kufika pakhomo pathu anasandukanso mlendo. Mjeremani anakana kutsika, nawafotokozera mwaulemu kuti kutero kungakhale kunyoza mwambo wa banja limene iwo eni anamutumizako. Tinatembenuka. Ulendo wachinayi, bambo wogulitsa nyuzipepala pamaloboti anayamba kutifunsa za kunyumba. Ena amati tinayenda kawiri kokha. Amenewo munalibe m'galimotomo.

Kenako mayiwo anaima pambali pa msewu, pakati pa kwawo ndi kwathu, n'kuzimitsa injini.

"Abambo," anatero, ndipo kanali koyamba kunditchula choncho, "kwanu mwambo umenewu umatha bwanji?"

Ndinayankha nkhope ili gwa kuti umatha mlendo akamaliza chimene anadzera. Lamulo lotero kulibe kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndinalipeka pomwepo, koma mkazi wanga anagwedeza mutu ngati analiphunzira kuchinamwali.

Mayiwo anapempha chikwama chawo, mkazi wanga n'kuchipereka ndi manja awiri. Pepala analisayinira pachiwongolero, hutala n'kulira. Tinatsika pomwepo n'kubwerera wapansi.

Mwana wathu anapitadi. Tsiku lonyamuka mayiwo sanabwere kudzatsanzikana naye. Anatumiza khadi papositi, ngakhale kuti mkazi wanga ankakolopa m'nyumba mwawo tsiku lililonse.