Nsanza Zofiira za a Mphuno

M'thumba la malaya a Mphuno simunkasowa tinsanza tofiira. M'mawa uliwonse, mame asanaume, ankayenda m'mizere ya maluwa a rozi pamunda wa kafukufuku, manja kumbuyo, akuwerama pa chitsamba chilichonse. Chimene fungo lake lawafika pamtima ankachimanga kansanza. Kamodzi patsiku, basi. Sanaphonyepo, ngakhale m'mawa wotsatira maliro a mkazi wawo.

Ntchito yawo yeniyeni inali yothirira ndi kupalira. Za nsanzazo palibe anawatuma. Sopo wonunkhira sankasamba, wosuta fodya ankamulambalala, ndipo dzinalo anawapatsa ndi alamu awo, amene ankasonkhezera moto pa thanki yotchezera mafuta a maluwa kumapeto kwa munda.

"Alamu, mwampeza mkazi lero?" ankafuula choncho akawaona atawerama.

"Ndampeza. Koma uyu salongolola ngati mlongo wanga munatenga uja."

Alamuwo ndi amene anayamba kuzindikira. Madengu a maluwa ochokera m'zitsamba zomangidwa ankadontha mafuta ochuluka, ndipo fungo lake linkakanirira m'zovala mpaka tsiku lochapa. Anakauza adokotala ofufuza, munthu waulemu, wa magalasi. Adokotala anayamba aseka, kenako anayeza, kenako anayamba kulawirira m'mawa n'kumayenda pambuyo pa a Mphuno, kope lili m'manja. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, m'zitsamba za nsanza zija anatulutsamo mbewu yatsopano.

Anaitanitsa alimi ang'onoang'ono ozungulira mundawo. "Mbewu iyi yabadwira kuno," anatero adokotala. "Nthambi zoyamba ndi zanu. Konzani minda."

Alimiwo sankakhulupirira anthu a makope. Ankakhulupirira a Mphuno. Ndiye munthu wosakonda kuyankhula uja anayenda khomo ndi khomo, mawu ake ali omwewo: "Zulani zakalezo. Ndainunkhiza ndekha." Mabanja khumi ndi awiri anazula rozi wakale amene ankawadyetsa. Woyamba kugwira khasu anali mlongo wawo, mkazi wa alamu aja.

Mlungu wathunthu a Mphuno anadula nthambi zobzala, n'kumazikulunga m'masaka onyowa, mtolo uliwonse atalembapo banja lake. Lachisanu kunabwera lole.

"Achikulire, mayinawa ndi a chiyani?" anafunsa dalaivala akukweza mitolo. "Katundu yenseyu akupita ku esiteti, munda waukulu wa kampani. Ulendo wa tsiku lonse."

Alamu anasiya nkhuni. Anaona a Mphuno akulowera ku ofesi chipewa chili m'manja, ndipo anawatsatira mpaka pakhomo.

"Zachokera kwa akuluakulu, bambo," anatero adokotala, maso ali pamapepala. "Kampani ndi imene inathandiza kafukufukuyu. Mbewu ndi yawo tsopano. Kuibzala popanda chilolezo ndi mlandu."

"Munadziwa liti?"

Adokotala anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Papita miyezi inayi."

Miyezi inayi yapitayo palibe mlimi amene anali atazula kanthu.

"Lolemba abwera kudzakumba chitsamba chimodzi, choposa zonse, kuti akachisunge kwawo," anapitiriza adokotala. "Zotsalazo tauzidwa kuti titenthe. Mutisonyeze, bambo. Makina athu sasiyanitsa ngati inu."

A Mphuno anavala chipewa n'kutuluka.

Loweruka anapita kwa mlongo wawo. Mayiwo sanalongolole. Anawapatsa mpando, n'kukhala pansi kuyang'ana munda wofukulidwa, wopanda kanthu. Mvula inali pafupi, ndipo rozi wakale anali atauma kale pamulu. Pamsewu anthu amene kale ankaima kuwapatsa moni anangoyang'ana kumbali. Mmodzi anafuula ali patali: "Mwanunkhiza chiyani lero, madala?"

Lolemba alamu analawirira kuposa masiku onse. Moto sanayatse. Amuna awiri a kampani anali ataima pageti ndi makasu, adokotala ali chapatali. A Mphuno analowa m'mizere monga mwa masiku onse, manja kumbuyo. Alamu anayenda pambali pawo.

"Alamu, mangani pa chopanda pake," ananong'oneza. "Akadziwa bwanji? Atenge udzu, akatcheze udzu."

A Mphuno anapitirira. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pakati pa mzere wachinayi a Mphuno anawerama, ndipo mapewa awo anatsika. Alamu ankawadziwa matsikidwe amenewo.

"Chimenecho ayi, alamu. Atipha anthu a kampaniwa."

"Ndikachisiya chipsa."

"Chipse!"

A Mphuno anawayang'ana, maso ali ofiira. "Icho chinanamiza ndani?"

Anatulutsa kansanza. Mfundo yoyamba inamasuka. Anamanganso, pansi pa duwa, mosafinya nthambi. Amuna a makasu anayamba kuyenda kubwera. A Mphuno sanawadikire. Anadutsa pa thanki yozizira, n'kutuluka pageti, ndipo pamundapo sanapondeponso.