Makutu a Madamu Doremi

Ana ndiwo anayamba kuwatchula Madamu Doremi, ndipo dzinalo linakakamira mpaka ahedi ankalitchula pamsonkhano osaseka. Mayiwa anaphunzitsa nyimbo pasukulupo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, m'kalasi yakumapeto yoyandikana ndi mpope, imene zenera lake limodzi linatsekedwa ndi katoni. Kale ankaphunzitsa ngati wina aliyense: iwo kuimba mzere, ana kubwereza. Mwana akaphonya, ngakhale wa kumbuyo kwenikweni, ankamuloza ndi choko asanatseke n'komwe pakamwa.

Kenako khutu lamanja linayamba kulira ngati mwalowa udzudzu. Chaka chisanathe lamanzere linatsatira. Mawu a ana anayamba kumveka ngati akuimbira m'bulangete. Sanauze munthu. Mphunzitsi wa nyimbo wosamva angamusunge ndani? Kunyumba mwana wawo wamkazi ankadandaula kuti, "Amayi, wailesiyi mukutsegulira mzinda wonse?" Iwo n'kungoseka.

Ndiye anasintha kaphunzitsidwe. Anasiya kuimbira ana. Ankalemba pabolodi d, r, m, f, s, ndi timizere togawa kugunda kwa nyimbo, n'kunena kuti, "Werengani nokha, pakamwa panga patopa." Anawagawa anayianayi: mmodzi aziimba, atatu azitsatira papepala ndi chala, akalakwa amuimitse. Lachisanu aliyense ankabwera ndi kanyimbo kopeka yekha, kolembedwa bwinobwino. Iwo ankangoyang'ana milomo ndi mapewa, ana akagwedeza mutu nawonso n'kugwedeza.

"Asisi, mwatulukira ulesi wapamwamba," ankatero aphunzitsi a masamu. "Ana akudziphunzitsa okha, inu kumangozungulira ngati kapitawo. Tigawireniko nzeruzo."

Madamu ankayankha ndi kuseka komweko, maso ali pamilomo ya mnzawoyo kuti asaphonye mawu.

Lachiwiri lina m'mawa, ahedi analowa ndi bambo woyendera masukulu, wa jekete lotuwa. Bamboyo anapempha choko. Analemba pabolodi nyimbo ya mizere inayi imene ana anali asanaionepo, n'kukadzipanikiza padesiki yakumbuyo, mawondo ali m'mwamba.

Madamu anatola ndodo. Nyimbo yachilendo imafuna kuloza ndi ndodo, ndipo kuti munthu aloze ayenera kufulatira ana. Miyezi yonseyi anali asanafulatirepo kalasi ikuimba.

Anapereka mawu oyambira, anamenya ndodo kanayi, anaona milomo ikutseguka, n'kutembenukira kubolodi. Mzere woyamba. Wachiwiri. Kumbuyo kunkamveka kaphokoso, koma kaya anali ana, kaya linali khutu lomwelo, sakanatha kusiyanitsa. Analoza mzere wachitatu wonse, wachinayi wonse, mutu ukugwedezeka, mpaka chilembo chomaliza. Anatembenuka akumwetulira.

Milomo yonse inali yotseka. Kamtsikana kapatsogolo, kamene anzake amakatchula Nyerere, kanali chiimire, dzanja lili m'mwamba, linalo likuchirikiza chigongono.

"Madamu," kanatero pang'onopang'ono, kakuwayang'ana kumaso monga ana onse anazolowera osauzidwa ndi munthu, "ife tinaima pamzere wachiwiri. Pakusowa kugunda kumodzi. Takuitanani katatu."

Palibe mwana anaseka. Bola akanaseka. Bambo wa jekete analemba kanthu m'buku lake, ahedi maso ali pansapato zawo.

Ku ofesi, ahedi anatseka chitseko, anakoka mpando n'kukhala pafupi, maso ndi maso.

"Zinayamba liti, mayi?"

"Chaka chatha." Madamu anapukusa mutu. "Ayi, zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri, ine n'kumati mumandinyoza ndikakuitanani pakhonde." Ahedi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Kugunda kuja bambo uja anakusiya dala. Akuti masukulu asanu aimba mopitirira osazindikira kanthu, ana anu okha ndiwo aima. Zimenezo walemba. Koma walembanso zinazo."

"Ndiye ndizilongedza?"

"Sindinatero ine. Lolemba mupite kuchipatala akakupimeni. Kalata ya dokotala ipita limodzi ndi lipoti, akuluakulu ndiwo akaone."

Ahedi anapitiriza kulankhula, koma anali atawerama, akufufuza envelopu m'dirowa, milomo yosaoneka. Madamu anangoona khosi likugwedera. Anagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri, kudikira kuti ahedi adzutse mutu, akuopa kufunsa kuti anena chiyani.