Kandulo ya Sukhoi

Akulu a khomo loyang'anizana ndi lathu kuno kudera la Shubra ankayendetsa ndege zankhondo paunyamata wawo, ndipo mpaka lero amatsika masitepe atatambasula manja ngati mapiko. Yawo inali Sukhoi, ndege youluka chapansipansi n'kumaphulitsa akasinja. Mukangowapatsa tiyi, phunziro layamba.

"Anthu a ku Russia ndi aulemu," amatero. "Ndege amaitcha dzina la amene anaipanga, ngati mwana ndi bambo wake. Osati Angerezi, ongotola mayina a mphepo zamkuntho."

Mdzukulu wawo wamkazi atakwanitsa sabata, tinasonkhana kuti timutche dzina. Mwamwambo wathu tinayatsa makandulo atatu, iliyonse ndi dzina lake, kuti yomaliza kuzima ipambane. Mayi a mwana anasankha Sawsan, bambo ake Nawal. Agogo analengeza kuti yawo ndi Sukhoi.

Tinaseka, mpaka Nawal inazima. Sawsan nayo inayamba kuphethira, Sukhoi ili nganganga. Mayi a mwana misozi inalengeza m'maso.

"Imeneyo siigwa wamba," anatero akuluwo, akusisita ndevu. "Inandibweza kwathu ili zibowo zokhazokha."

Akazi awo anadutsa ndi mbale ya maswiti, n'kuyetsemulira pa kandulo ya Sukhoi ija mpaka inazima.

"Chimfinechi, bambo. Pepani."

Akuluwo anayang'ana utsi uja, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Adani anailephera, lero yagwetsedwa ndi akwathu omwe."

Mwanayo ndi Sawsan. Koma agogo ake akamunyamula m'mwamba n'kumazungulira naye pakhonde, akulira ngati injini, tonse timadziwa kuti amene akuuluka ndi Sukhoi.