Mawu a Msuweni Wanga m'Thumba la Buluku

Msuweni wanga, mwana wa amalume, anafuna ukulu wa mpingo kwa zaka zinayi. Anasiya kuseka mokweza. Anagula jekete yakuda pa salaula, pogulitsa zovala zovalidwapo kale, n'kuyamba kupatsa anthu moni ndi manja awiri, ngakhale pa chigayo. Ine m'zaka ziwiri zomaliza ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo chinthucho chinali iyeyo.

Za ine n'zachidule. Ndinapita ku koleji ku Chipata kukaphunzira uphunzitsi. Patatha chaka ndi theka, ine ndi koleji tinagwirizana kuti tadziwana mokwanira. Ndinabwerera ku Katete ndi sutikesi ndi laputopu yakale, n'kutsegula kantemba pafupi ndi msika koikira anthu nyimbo ndi mavidiyo m'mamemore khadi. Mlimi akagulitsa thonje ankabwera ndi foni yokulunga mu pulasitiki, n'kunena kuti, "Ndiikireni zoseketsa, koma pakhalenso ziwiri zoliritsa za amayi a kunyumba." Ndiye ndinkakhalira kukumba pa intaneti ngati wosaka mbewa: nkhalamba yoimba ndi gitala ya chigubu, ana a sukulu oimbira mphunzitsi wawo wodwala pawindo, kwaya imene benchi linaithyokera pakati pa vesi koma osasiya kuimba. Zabwino zenizeni ndinkaziponya pa gulu la banja lathu la pa foni. Kumeneko ndinali munthu. Azakhali a ku Lusaka ankandiyankha ndi tinkhope tolira, titatu titatu.

Tsoka linandipeza ku Sinda, pa ukwati wa mlongo wanga. A komiti anati popeza ndinapondako ku koleji, ndiye kuti kuimba ndimatha. Kugwirizana kwa ziwirizi sindinakuone, koma ndinavomera. Ndinapeka nyimbo yotsanzikana ndi mlongo wanga, yabwino ndithu, yokhala ndi malo amodzi okwera. Nditafika pamalopo mawu anandithawa, m'malo mwake munatuluka kanthu kena kamene sindinkadziwa kuti kamakhala m'thupi mwanga. Ndinabwereza. Kanatulukanso. Womaliza koleji akanakhala pansi. Ine wa chaka ndi theka ndinayesa kachitatu, ndipo mbuzi imene inamangidwa kuseri kwa tenti kudikira mpeni inandiyankha.

Msuweni wanga anajambula zonse. Anadula bwinobwino, mbuzi ija n'kuibwereza kanayi, kenako anaponya pa gulu la banja ndi pa intaneti. Azakhali a ku Lusaka anayankha ndi tinkhope toseka, khumi ndi kamodzi. Ndinawerenga.

Pasanathe sabata, mayi wina wa ku Mkaika anafika pa kantemba.

"Ndiikireni ija ya mbuzi."

Ndinaitsegula kuti aone ngati ndi yomweyo. Anayang'ana laputopu, anayang'ana ine, anayang'ananso laputopu.

"Ndinu?"

"Ndine, amayi."

"Pepani," anatero mwachifundo. "Koma ikanibe."

Ndinaika. Mwezi umenewo ndinadziika m'mafoni a anthu kuposa kwaya iliyonse.

Ndinakadandaula kwa amalume. Anandimvetsera akusoka thumba la chimanga, mapewa akugwedezeka pang'ono.

"Waiwala kuti ndi msuweni wako?" anatero. "Msuweni akakutukwana umaseka. Akakutengera nkhuku umamufunsa ngati mchere ali nawo. Za chisuweni sizikhala mlandu. Ukafuna, nawenso umuchite."

Mawu otsirizawo ndinawasunga ngati mbewu.

Nyengo ya mvula inadutsa kawiri ndikudikira. Pa ukwati uliwonse, pa chikumbutso chilichonse, foni yanga inkayang'ana iye. Koma munthu wofuna ukulu sapunthwa pagulu. Ankadya pang'ono, ankavina ndi mutu wokha, nyimbo ankaimba m'kati mwa anzake mosamveka. Ndinasonkhanitsa mavidiyo ambiri a munthu atakhala bwino pampando.

Tsiku lina masana, ndikufunira kasitomala zoseketsa, ndinagwera pa vidiyo yojambulidwa ku Vubwi pa tsiku la msika. Anaiponya munthu wina wa kutsidya, mawu a pansi pake anali m'Chipwitikizi, ndipo oionera anali ochepa kwambiri. Kuseri kwa nyumba ina yogulitsira mowa, bambo wa jekete yakuda ankavina ndi botolo pamutu. Ankatsika mpaka mawondo kugunda fumbi, botolo osagwa. Uku akuimba ndi mawu okhuthala, nyimbo yake yomweyo: sikelo yanga siinama, imangotopa, imangotopa. Anthu ankaomba m'manja.

Msuweni wanga amapita ku Vubwi chaka chilichonse kukagula nshawa kwa alimi ndi sikelo yake. Amatiuza kuti akamaliza kugula amakachezera odwala.

Ndinatseka kantemba, n'kuionera kasanu ndi kawiri mwaulemu wonse. Inali yaitali. Chakumapeto anthu oomba m'manja aja anabalalika, iye anakhala pa thumba la nshawa, botolo analiika pansi, n'kuyamba nyimbo ina yapansipansi. Ankaitana mwana wake wamkazi woyamba, uja anamwalira ndi malungo asanayambe sukulu. Ankamufunsa ngati kumeneko akumuveka juzi. Pa maliro a mwanayo sanagwetse msozi, tonse tinamuyamikira kulimba. Apa ankalira ngati mwana iyeyo.

Mbali imeneyo ndinaidula n'kuitaya. Ndine munthu woipa, koma ndili ndi malire, ndipo anali pamenepo. Ya botolo ndinaisunga malo atatu.

Kuiponya pa gulu kukanakhala kupupuluma. Ukulu ukanatha tsiku lomwelo, iye akanavutika sabata imodzi, ine ndinavutika zaka ziwiri. Ndinatengako mawu okha, n'kuwaika kuti ndiwo azilira foni yanga ikaitana. Ndinaphunziranso kuitchera kuti izilira yokha pa nthawi imene ndasankha.

Anayamba kuimva pa kantemba, atabwera kudzaikitsa nyimbo za Mulungu. M'thumba la buluku langa munamveka: sikelo yanga siinama, imangotopa. Ndinaisiya ilire mpaka kumapeto, ndikuyang'ana nkhope yake ikusintha ngati tsamba la fodya pa dzuwa.

"Nyimbo yanji imeneyo?" anafunsa.

"Ya woimba wina watsopano wa ku Vubwi. Ali ndi tsogolo."

Anachoka osatenga memore khadi yake.

Kachiwiri inalira Lamlungu panja pa tchalitchi, iye akugwirana chanza ndi abusa. Abusa anangoti, "Achinyamata ndi nyimbo zawo." Kachitatu inalira kunyumba kwake, mkazi wake akutipatsa madzi osamba m'manja. Mayiyo anaima ndi jagi m'mwamba.

"Mawuwa ngati ndikuwadziwa."

"Oimba a masiku ano amafanana, alamu," ndinatero. Msuweni wanga anatsokomola mpaka kutuluka panja.

Chisankho cha akulu a mpingo chinali pa Sabata ya masika, pamene anthu amabweretsa zokolola zawo ku tchalitchi. Kutatsala masiku khumi anabwera pa kantemba m'mawa, jekete ili m'manja. Anadikira kasitomala achoke.

"Asuweni, tikambe ngati anthu."

"Ine ndinasiya kukhala munthu ku Sinda, asuweni. Koma kambani."

"Ili ndi chithunzi?"

"Ili ndi chithunzi, botolo ndi fumbi."

Anakhala pa benchi. "Ukudziwa kuti akulu akaona zimenezo dzina langa alichotsa. Zaka zinayi, iwe. Mayi wa kunyumba wasoketsa kale diresi."

"Ndi chisuweni chabe. Funsani abambo anu."

"Ndikupatsa mbuzi."

"Mbuzi munandipatsa kale."

Anapinda ndi kupindula kolala ya jekete. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, ngati ndinaionera mpaka kumapeto. Ndinati yanga imathera pa botolo, zina sindikuzidziwa. Anagwedeza mutu pang'ono. Apo mpamene ndinatsala pang'ono kumukhululukira, koma mwamwayi panja panadutsa woyendetsa njinga wina n'kulira ngati mbuzi, monga ankachitira m'mawa uliwonse pondipatsa moni, ndipo mtima wanga unabwerera m'malo mwake.

"Ufuna chiyani?"

"Pa masika, nthawi ya zopereka, muimirire nokha kutsogolo. Muimbe nyimbo yanga ya ku Sinda. Mawu musinthe akhale othokoza Mulungu, koma pokwera paja pakhale pomwepo. Mukalephera, mubwereze. Katatu."

"Ine sindiimba."

"Ndakumvani mukuimba."

Sabata ya masika tchalitchi chinadzaza. Kutsogolo kunali matumba a chimanga, nshawa, maungu, nzimbe, ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Ndinakhala pa benchi lachiwiri, foni itachajidwa mpaka kukhuta. Mlembi atalengeza kuti m'bale wathu wapempha kupereka nyimbo, amayi a chigwirizano analulutira, poganiza kuti ndi Mzimu.

Anayamba bwino, ndimuyamikire. Mawu ankanjenjemera, koma njira ankaitsata. Ndinkaona malo okwera aja akubwera patali ngati basi ya ku Lusaka. Iyenso ankawaona. Anakweza chibwano, anatseka maso, n'kutulutsa phokoso ngati la chitseko cha nkhokwe chimene sichinatsegulidwe kuyambira chilala. Mwana wina wa kumbuyo anayamba kulira. Msuweni wanga anandiyang'ana. Ndinamuonetsa zala ziwiri. Anabwereza, ndipo kachiwiri kanaposa koyamba. Abusa anaweramira m'Baibulo ngati ataya vesi. Kachitatu sipanatuluke chilichonse, kukamwa kokha kunali kotsegula, thukuta likutsikira mu kolala, mpaka mayi wina wachikulire wa chigwirizano anamumvera chisoni n'kuyambitsa korasi, mpingo wonse n'kumukwirira nayo.

Kunena zoona, ndinayembekezera kuti mtima wanga umva kuwawa pang'ono, monga amanenera m'maulaliki. Ndinaufufuza bwinobwino. Munali chimwemwe chokhachokha.

Mapemphero atatha, alendo ndi ana anatuluka, tinatsala a mpingo kuti tisankhe. Asanatchule maina, iye anadutsa pa benchi langa ngati akupita kukamwa madzi. Ndinamuonetsa foni, ndinafufuta ya ku Vubwi iye akuona, n'kumulonjeza kuti ya mu laputopu ndi ya pa khadi zitsatira madzulo. Zinatsatiradi. Ya pa intaneti sinali yanga, koma inali itakwiririka kale pansi pa mavidiyo ena, ndipo wodziwa kukumba kumeneko m'Katete yense ndi mmodzi.

Dzina lake litatchulidwa, mkulu wina wakale anaimirira. Anati munthu amene angaime pamaso pa mpingo ndi mawu otero, n'kubwereza katatu osathawa, ndi munthu amene sadzathawa pa maliro kapena pa mlandu wa banja. Anthu anavomereza ndi mitu. Amalume, amene anakhala pa benchi la madoda, anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Mlembi anati ofuna m'baleyu akweze manja. Manja anakwera ambiri, oposa a wina aliyense, ndipo mkazi wake anabisa nkhope m'chitenje. Langa lamanja ndinalikweza pamwamba kuposa onse, chifukwa ndi msuweni wanga ndipo ukulu umamuyenera. Lamanzere linali pansi pa benchi, likutumiza nyimbo ya lero ya mkulu wathu watsopano, imene ndinajambula yonse, ku gulu la banja. Netiweki ya pa tchalitchi ndi yofooka, choncho dzanja ndinalisiya m'mwamba mpaka mlembi anandiuza kuti anandiwerenga kale.