Sindinamuperekeze

Kwathu ku Senga Bay wodwala sapita yekha kuchipatala. Ngakhale chikhale chilonda cha pachala, wina amasiya usipa pathandala n'kukwera naye kabaza. Ndinakula ndikudziwa zimenezi, ndiye musandiuze kuti ndinali mwana.

Ku yunivesite tinasankhidwa atsikana awiri a m'mudzi umodzi, ine ndi mnzanga wa kusekondale. Chipinda chimodzi, ndowa imodzi. Tsiku lonyamuka, mayi ake anandigwira dzanja padepoti ya Salima. "Mwana wanga, uzimuyang'anira mnzakoyu. Salankhula ameneyu."

Chaka chachiwiri mnzangayo anasiya kulowa m'kalasi. Kenako anasiya kusamba. Ankangogona maso ali kukhoma. Pasukulupo anali atatsegula ofesi ya uphungu, zikwangwani ponseponse: Simuli nokha. Koma akuluakulu ophunzirawo anaiika ofesiyo moyang'anana ndi kafiteriya, benchi yodikirira ili panja. Ukakhalapo, mzere wonse wa chakudya unkakuona. Anyamata ankakuwa, "Asisi, mawaya asokonekera?"

Lachitatu lina m'mawa anasamba, kuvala, mpaka kupesa tsitsi.

"Iwe, tandiperekeze kuja."

"Kuti?"

"Pabenchi paja. Sukalowa ayi, ukangokhala nane."

Ndinaseka. "Ukufuna nanenso azinditcha wamisala? Pita wekha, si patali."

Anati chabwino. Anavula nsapato n'kubwerera pabedi. Patatha sabata ziwiri anadzipha.

Sukulu inatumiza basi, nkhata ya maluwa, ndi bambo wina wa taye amene anaima kumanda n'kunena kuti thandizo linalipo, koma mtsikanayo sanalifune. Ndinamva, ndinakhala chete. Mayeso sindinalembe, ndipo sindinabwerereko.

Tsopano ndimayanika usipa. Nambala yanga akusukulu sanaifufute, moti Lolemba lililonse foni imalira: Simuli nokha, bwerani tidzacheze. Ndimawerenga manja akununkha nsomba. Benchi iliyonse imene ndaona, ya kuchipatala, ya kutchalitchi, ndimamupeza mnzanga uja atakhala kumapeto, tsitsi lopesa, atandisiyira malo.

Thandala la mayi ake ndi lachitatu kuchokera pa langa. Zaka ziwiri ndakhala ndikulilambalala. Mwezi watha anabwera okha, anatola kansomba kamene kanagwera pamchenga, n'kumakapukuta ndi chala.

"Aja a taye anati kunali koti n'kumuthandiza. Mwana wanga, iye anakana kupita?"

Ndikanatha kunena kuti eya. Bodza lake linali lokonzakonza kale, lonenedwa kumanda anthu onse akumva.

"Sanakane, mayi. Anavala."

"Nanga?"

"Anandipempha kuti ndimuperekeze. Ndinakana ndine."

Anakayang'ana kansombako. Kenako anakaika pathandala langa, anakawongola bwinobwino pakati pa tinzake, n'kubwerera kwawo. Sanatukwane, sanalire.

Moni amandipatsabe m'mawa uliwonse. Koma "mwana wanga" uja anatha. Tsopano amaima pang'ono, n'kuwomba m'manja ngati akupatsa moni mlendo wa kuloji.

"Mwadzuka bwanji?"