Kalata ya Opaleshoni Yanga

Fuu-du, fuu-du, fuu-du. Umu ndi mmene unkamvekera mtima wanga tsiku lomwe adokotala a pa boma anandiika zomvera zawo m'makutu. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, matipate atangoyamba kumene. Kaphiri ka kuseri kwa mudzi wathu ndinkakwera mopumira katatu, mapazi ali otupa.

"Agogo, kachitseko ka mumtima mwa mwanayu sikatsekeka bwino," anatero adokotalawo. "Kuno sitingathe, ngakhale ku Lilongwe. Opaleshoni yake ndi ya ku Joni, ndipo boma limatumiza ochepa. Ndimulembetsa, inu muzidikira kalata."

Agogo, omwe anandilera chimwalirireni makolo anga, anatchula dzina langa lenileni, la malemu bambo. Keyala anapereka ya kusukulu, poti makalata onse a m'mudzi ankafikira kumeneko.

Koma kusukuluko ndinali ndi dzina lina. Ndinkabwereza Sitandade 8, ndipo masiku amenewo wobwereza ankasintha dzina kuti aoneke ngati akulemba koyamba, mwina n'kusankhidwa kupita ku sekondale. Nzeruyi inali ya amalume. "Dzina lakalelo ulisiye pakhomo pano," anandiopseza. "Ukakalitchula kusukulu akakuchotsa, ndipo ine usadzandipeze."

Ahedi anali achilendo, ochokera cha ku Kasakula. Lachisanu lililonse ndinkaima pakhomo pa ofesi yawo, manja kumbuyo.

"Wabweranso, bwana wa ku Joni? Palibe yako. Ndege ikatera pabwalo la mpirali tikuitana."

Kangapo konse dzina lenilenilo linafika pamilomo, koma ndinkalimeza. Ndinali mwana wosayankhula, womvera akuluakulu, ndipo onse ankandiyamikira chifukwa cha khalidwe limenelo.

Agogo analibe chikayiko. Pamsonkhano wa chipani anamva ndi makutu awo kuti boma latsopanoli ndi la amphawi, anavina mpaka kulandira nsalu. Nsaluyo anakasoketsa malaya anga a paulendo, n'kuwasunga pansi pa dengu. Khasu anandilanda. Mizere yonse chaka chimenecho anaunga okha, msana ukuwawa, ine nditakhala pachulu ngati mlendo.

Masiku ano wailesi ikuti boma likuika ndalama kuti maopaleshoni a mtima azichitika m'zipatala zathu zomwe zino. Ndi zabwino, ana a anthu achire. Ine madokotala anandiuza kale kuti mtima unakula, mpeni sungathandizenso. Ndakalamba ndi mapilitsi m'thumba, belo la fodya sindinanyamulepo, ndipo anzanga akamapita kudimba ine ndimatsala ndi nkhuku.

Chaka chijacho ku sekondale sindinasankhidwe. Mayeso atatha, mphunzitsi wina wakale, yemwe anawadziwa bambo anga, anafika pakhomo pa njinga. Anandipeza ndikusenda mtedza, agogo atapita kuchigayo. Anatulutsa envelopu yakhaki n'kundionetsa.

"Iwe, dzina ili si la malemu bambo ako?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Timakonza mukabati ya ahedi. Kalatayi inali pansi pa marejisitala, mbewa zayamba kale kuidya. Ndaitsegula kuti ndidziwe mwini wake." Anayang'ana kumbali. "Ankakufuna ku Lilongwe miyezi isanu yapitayo, kuti uzipita ku Joni. Akuti ukapanda kufika, malo apatsa wina. Nanga osanena bwanji, mwana iwe?"

Anandiika envelopu yakhakiyo m'manja, pamwamba pa makoko a mtedza, n'kukwera njinga yawo kutsetsereka kumsewu.