Ana Olosera Nkhani ya Mbuzi

Ndinkaphunzitsa Sitandade 4 pa sukulu ina ya mishoni kuseri kwa Bowe, m'mapiri momwe mvula ikagwa msewu umasanduka mtsinje. Ahedi athu anali munthu wa jekete, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Choko sankachigwira, koma akangomva kuti kukubwera mlendo ankadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

Chaka chimenecho tinauzidwa kuti tiziphunzitsa kumvetsa nkhani mwa njira zatsopano. Mwana asanawerenge aziyamba waona mutu ndi chithunzi n'kulosera zomwe zichitike, powerenga azidzifunsa mafunso, pomaliza afotokoze nkhaniyo m'mawu akeake. Ine njirazo ndinazikonda. Zinkadya nthawi, komabe ana ena anali atayamba kutsutsana pa zomwe awerenga, zimene ndinali ndisanazionepo m'kalasi mwanga.

Ndiye kunabwera uthenga woti alangizi a zamaphunziro adzaonerera phunziro langa. Ahedi analowa m'kalasi osaodira n'komwe, n'kusankha okha nkhani ya mtsikana amene mbuzi yake inalowa m'dimba la eni. Sabata yonse ankalowezetsa ana mayankho, aliyense lake, ngati mavesi a ku Sande sukulu. Ndinawauza kuti nkhani yomwe munthu waiwerenga kale sangailoserenso. Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Madamu, alendo sabwera kudzaona ana akuganiza. Amafuna kuona manja ali m'mwamba."

Tsikulo litafika, ana onse owerenga modukizadukiza ahedi anawatuma kukasesa kutchalitchi. Alangizi anatulukira pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze, n'kukhala kumbuyo maso ali pa foni. Ndinakweza chithunzi cha mtsikana ndi mbuzi, n'kufunsa anawo zimene akuganiza kuti zichitika m'nkhaniyo. Manja onse anali m'mwamba ndisanamalize funso. Mtsikana wina wa kutsogolo anaimirira n'kuyamba kulosera. Anatchula dzina la mwini mbuzi, dzina la mwini dimba, mpiru umene unadyedwa, mpaka mawu amene mwini dimba ananena pokalipa, osaphonya ngakhale limodzi. Ine manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Ndinkadikira kuti alangizi afunse kuti mwanayu zonsezi wazidziwa bwanji pongoona chithunzi cha mbuzi.

Iwo anaika foni pa desiki n'kuwomba m'manja. Anati m'zoni monse sanaonepo ana olosera molondola chonchi. Ahedi anaweramitsa mutu modzichepetsa, amvekere ndi khama chabe. Kenaka awiriwo anatengana kupita kunyumba kwa ahedi kukadya nkhuku, osatsegula ngakhale kope limodzi la mwana.

M'mawa mwake, osesa aja atabwereranso m'malo awo, ndinatenga nkhani ina yomwe ana anali asanaione. Ndinakweza chithunzi n'kufunsa funso lomwe lija. Ulendo uno manja sanakwere m'mwamba. Patapita kanthawi mnyamata wina, amene kale ankakonda kutsutsa anzake, anakweza dzanja mwamantha.

"Madamu, simunatipatse mayankho. Langa ndi liti?"

Zinanditengera mpaka mvula yoyamba kuti anawo ayambirenso kulosera zolakwika popanda kuopa. Nthawi imeneyo n'kuti ahedi ataitanidwa kale ku Ntchisi kuti akaphunzitse aphunzitsi anzathu njira zatsopanozo. Ponyamuka anabwera kudzandifunsa mawu oti akayambire, chifukwa sankakumbuka ngati kulosera kumachitika mwana asanawerenge kapena atawerenga.